Bomba la m'ndege ya ku Sinai ndi pangano lomwe mlendo ali nalo pa ife

Loweruka pa 31 Okutobala 2015, nthawi itatsala pang'ono kukwana 6 koloko m'mawa, ndege ya mtundu wa Airbus A321 ya kampani ya ku Russia yotchedwa Metrojet inanyamuka pabwalo la Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt kulowera ku mzinda wa St Petersburg. Munali anthu 224, apaulendo 217 ndi ogwira ntchito m'ndegemo 7. Pafupifupi onse anali anthu wamba a ku Russia omwe anabwera kudzapuma m'mphepete mwa Nyanja Yofiira pothawa chisanu cha kwawo, ndipo pakati pawo panali ana 25. Patangodutsa mphindi 23, ili m'mwamba mamita oposa 9,000, ndegeyo inazimiririka pa makina a oyang'anira kayendedwe ka ndege. Oyendetsa sanapeze ngakhale mpata wopempha chithandizo. Zidutswa zake zinapezeka zitamwazika m'chipululu cha Sinai, m'dera la Hasana, ndipo palibe amene anapulumuka.

Tsiku lomwelo gulu la zigawenga lodzitcha Wilayat Sinai, lomwe ndi nthambi ya ISIS m'chigawocho, linalengeza kuti ndilo lagwetsa ndegeyo. Ophedwawo linawatcha ankhondo a mtanda, ndipo linathokoza Allah chifukwa cha imfa yawo. Apa ndi pomwe nkhaniyi imatikhudza ife Asilamu. Munthu akapha m'dzina la chipembedzo chathu, tili ndi udindo wotenga zomwe wachitazo ndi kuziika pa sikelo ya Qur'an yolemekezeka, Sunnah ya Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) ndi zomwe maulama athu analemba kalekale. Tikatero tiona kuti tchimo la tsiku limene lija lili ndi dzina lodziwika bwino m'Shariah. Dzinalo ndi ghadr, kupereka munthu amene wakukhulupirira.

Mmene choonadi chinatulukira

Poyamba maboma a Egypt ndi Russia anakana zoti zigawenga zingagwetse ndege youluka patali chotero, chifukwa zida zomwe zinali nazo sizikanafika pamenepo. Koma mmene zidutswa zinamwazikira zinasonyeza kuti ndegeyo inasweka ili m'mwamba. Kenaka mkulu wa ofufuza ku Egypt, a Ayman el-Muqaddam, ananena kuti kabokosi kosunga mawu a oyendetsa ndege kanagwira phokoso lachilendo pa sekondi yomaliza. Pa 4 Novembala dziko la Britain linaimitsa ndege zake zopita ku Sharm el-Sheikh, ndipo patatha masiku awiri Russia inaimitsa ndege zonse zopita ku Egypt.

Pa 17 Novembala zinalengezedwa kuti mkulu wa nthambi ya zaukazitape ya FSB, a Alexander Bortnikov, wauza Pulezidenti Vladimir Putin kuti m'zidutswa ndi m'katundu wa apaulendo mwapezeka zizindikiro za onga, ndipo bombalo linali ndi mphamvu yofika kilogalamu imodzi ya onga wa TNT. Boma la Russia linalonjeza madola 50 miliyoni a ku America kwa amene angathandize kugwira olakwawo. Tsiku lotsatira magazini ya ISIS yotchedwa Dabiq inatulutsa chithunzi cha chitini cha chakumwa cha Schweppes Gold, pambali pake pali tizipangizo tophulitsira, n'kunena kuti bomba lake linali limenelo. Boma la Egypt linazengereza kuvomera mpaka mu Febuluwale 2016, pomwe Pulezidenti Abdel Fattah el-Sisi ananena poyera kuti ndegeyo inagwetsedwa ndi anthu ofuna kuononga ntchito zokopa alendo komanso ubale wa dziko lake ndi Russia.

Ku St Petersburg, pamwambo wokumbukira omwalirawo, belu la tchalitchi cha St Isaac linalira ka 224, kamodzi pa mzimu uliwonse.

Mlendo ali ndi pangano

Akuluakulu athu amati mlendo ndi mame. Sachedwa kubwerera kwawo, choncho timamusamala pa nthawi yochepa yomwe ali nafe. M'Chisilamu nkhani ya mlendo inafika pokhala lamulo lenileni lokhala ndi mutu wakewake m'mabuku a fiqh. Lamulolo limatchedwa amaan, kutanthauza chitetezo chomwe munthu yemwe si Msilamu amapatsidwa polowa m'dziko la Asilamu, ndipo wopatsidwayo amatchedwa musta'min. Magazi ake ndi chuma chake zimakhala zoletsedwa kuzikhudza kufikira atabwerera kwawo, ngakhale dziko lomwe wachokera litakhala pa nkhondo ndi Asilamu. Ndime ya 6 ya Surah At-Tawbah, yomwe ili pakati pa ndime zokamba za nkhondo, imalamula Mtumiki kuteteza wopembedza mafano amene wapempha chitetezo ndi kumuperekeza mpaka pa malo amene adzimve kuti ali pa mtendere. Imam Bukhari analandira hadith yochokera kwa Abdullah ibn Amr (Radhiya Allahu anhu) yochenjeza kuti wopha munthu wa pangano sadzanunkhiza ngakhale fungo la Jannah. Imam Muhammad al-Shaybani, wophunzira wa Imam Abu Hanifah yemwe anamwalira m'chaka cha 189 cha Hijrah, anatambasula malamulo a amaan m'buku lake la al-Siyar al-Kabir zaka zoposa 1,200 zapitazo. Maulama ambiri a masiku ano amaona viza yomwe mlendo amadinditsa pabwalo la ndege ngati amaan ya nthawi yathu ino.

Zigawenga zili ndi yankho lawo pa mfundoyi. Zimati boma la Egypt sililamulira ndi Shariah, kotero viza yake ndi pepala chabe. Yankho limeneli limagwa tikangoyang'ana Sunnah, chifukwa amaan sinakhalepo ya wolamulira yekha. Pa tsiku logonjetsa mzinda wa Makkah, m'chaka cha 8 cha Hijrah, mayi Umm Hani bint Abi Talib (Radhiya Allahu anha) anateteza munthu yemwe sanali Msilamu, pomwe mlongo wawo Ali (Radhiya Allahu anhu) ankafuna kumupha. Mayiwo atakadandaula kwa Mtumiki, iye anatsimikiza kuti amene iwo amuteteza, Asilamu onse amuteteza. Mawu a mkazi mmodzi anamanga manja a gulu lonse lankhondo. Umar ibn al-Khattab (Radhiya Allahu anhu) nayenso anagamula kuti Msilamu akangouza mdani liwu la Chiperisiya lotanthauza kuti asaope, ameneyo wamupatsa kale amaan.

Maulama anaonjezera mfundo ina yomwe imatseka khomo lililonse. Ngati amaan inaperekedwa molakwika, koma mlendoyo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi wotetezedwa, saphedwa. Amabwezedwa kwawo mwamtendere. Tsono taganizani za anthu 224 aja. Anadindiridwa mapasipoti ndi Asilamu, analandiridwa m'mahotela ndi Asilamu, anaphikiridwa chakudya ndi Asilamu, ndipo amene anawanyamula pa basi kupita nawo ku bwalo la ndege m'bandakucha uja analinso ana a dziko lomwelo. Aliyense wa amenewa, pomulonjera mlendo ndi kumwetulira, anali kumuuza kuti usaope. Apaulendowo anaphedwa ali pa njira yobwerera kwawo, nthawi yomwe Qur'an imalamula kuti aperekezedwe.

Nanga za ku Syria?

Gululo linati likubwezera chifukwa ndege zankhondo za Russia zinali zitayamba kuponya mabomba ku Syria pa 30 Seputembala 2015, mwezi umodzi ngoziyi isanachitike. Sitingabise kuti mabomba amenewo anapha anthu wamba, amayi ndi ana omwe, ndipo Msilamu aliyense amene anaona zithunzi za ku Aleppo ndi ku Idlib anamva kuwawa mumtima. Kuwawa kumeneko n'koona. Zigawenga zimakudziwa bwino, ndipo ndi nyambo yomwe zimakolera achinyamata.

Koma Qur'an imabwereza m'masurah angapo, kuphatikizapo Al-An'am ndi Fatir, kuti munthu sasenzetsedwa mtolo wa machimo a mnzake. Mwana wa miyezi khumi amene anali m'manja mwa mayi ake m'ndege ija sanalamule msilikali aliyense kupita ku Syria. Imam Bukhari ndi Imam Muslim onse analandira kuchokera kwa Abdullah ibn Umar (Radhiya Allahu anhuma) kuti mtembo wa mkazi utapezeka pa bwalo lina la nkhondo, Mtumiki anadzudzula zimenezo ndipo analetsa kupha akazi ndi ana. Ngati chiletsochi chinaperekedwa pa bwalo la nkhondo penipeni, pomwe malupanga ali m'manja, kuli bwanji m'ndege ya anthu ochokera kokasambira kunyanja? Ndime ya 32 ya Surah Al-Ma'idah imayerekeza kupha munthu mmodzi wosalakwa ndi kupha mtundu wonse wa anthu, ndipo ndime yotsatira imaika chilango chowawa pa mlandu wa hirabah, womwe ndi kuopseza ndi kupha anthu apaulendo m'misewu. M'nthawi ya Maswahaba msewu unali wa ngamira. Lero wina umadutsa m'mitambo, koma mlandu wake sunasinthe.

Maulama a dziko lapansi anali atachenjeza kale. Mu Seputembala 2014 maulama oposa 120, kuphatikizapo Sheikh Abdullah bin Bayyah ndi Mufti wamkulu wa Egypt wa nthawiyo Sheikh Shawki Allam, anasaina kalata yopita kwa mtsogoleri wa ISIS, Abu Bakr al-Baghdadi, yotsutsa zochita za gululo mfundo ndi mfundo pogwiritsa ntchito Qur'an ndi Hadith. Patangotha miyezi iwiri, mu Novembala 2014, gulu la ku Sinai lomwe linkadziwika kuti Ansar Bayt al-Maqdis linalumbira kukhala pansi pa al-Baghdadi yemweyo, n'kusintha dzina kukhala Wilayat Sinai. Uphungu wa maulama linaumva, koma linasankha kuutaya.

Dzanja la m'kati

Pali pangano lachiwiri lomwe linakhudzidwa m'nkhaniyi. Apaulendo onse ndi zikwama zawo amadutsa pa makina ofufuzira asanakwere ndege. Nanga bomba linalowa bwanji? Akazitape a Britain ndi America anakayikira kwambiri kuti munthu wokhala ndi chilolezo choyandikira ndege pabwalopo ndi amene analilowetsa, ndipo n'chifukwa chake alendo omwe anatsala ku Egypt anabwezedwa kwawo ndi tizikwama ta m'manja tokha, katundu wawo wamkulu n'kutumizidwa pa ndege zina. Akuluakulu a Egypt anakana zoti wogwira ntchito pabwalopo anatengapo mbali.

Patatha miyezi itatu, zomwe zinachitika ku Somalia zinasonyeza poyera mmene njira yoteroyo imagwirira ntchito. Pa 2 Febuluwale 2016 bomba lobisidwa m'kompyuta ya m'manja linaphulika m'ndege ya Daallo Airlines, nayonso Airbus A321, itangonyamuka ku Mogadishu kupita ku Djibouti. Linaboola chibowo m'mbali mwa ndegeyo, ndipo mwini bombayo anaponyedwa kunja n'kufa yekha. Popeza ndegeyo inali isanakwere kwambiri, oyendetsa anatha kuibweza ndi kutera bwinobwino. Makamera a pabwalo la Mogadishu anaonetsa amuna awiri akupereka kompyutayo kwa wophulitsayo atadutsa kale pofufuzira. Gulu la al-Shabaab linavomera kuti linakonza chiwembucho, ndipo khoti la asilikali la ku Somalia linapeza anthu 10 olakwa, ena mwa iwo ogwira ntchito pabwalo lomwelo.

Makina amagwira chitsulo ndi onga, koma sangaone za mumtima mwa munthu amene wapatsidwa kiyi. Chomwe chimatchinga pamenepo ndi amaana, kusunga mokhulupirika chomwe wasungitsidwa. Liwuli ndi la muzu umodzi ndi amaan komanso imaan, ndipo Mtumiki wathu ankatchedwa al-Amin, wokhulupirika, asanalandire utumiki. Mabuku a mbiri yake amatiuza kuti usiku wa Hijrah, m'chaka cha 622, pomwe Akuraishi anazinga nyumba yake kuti amuphe, iye anasiya Ali ku Makkah kuti abweze katundu yemwe anthu a mumzindawo anamusungitsa. Ambiri mwa eni katunduyo sanali Asilamu, ndipo mzinda wawo ndi womwe unkafuna magazi ake, komabe katundu wawo anabwezedwa yense. Wonyamula zikwama pabwalo la ndege, makaniko, wokonza m'ndege kapena wapolisi wa pachipata wasungitsidwa miyoyo ya anthu amene sadzamuona n'komwe. Akalola chinthu kudutsa chifukwa cha ziphuphu, chibale kapena ulaliki wonama, waswa amaana ya anthu onse okwera ndegeyo nthawi imodzi.

Amene anasenza zotsatira zake

Oyamba kulira anali mabanja a ku Russia, Ukraine ndi Belarus omwe ankadikira abale awo pabwalo la Pulkovo. Otsatira anali anthu a ku Egypt. M'chaka cha 2010 dzikolo linalandira alendo 14.7 miliyoni. Chiwerengerochi chinali chitatsika kale kufika pa 9.3 miliyoni mu 2015, koma mu 2016 chinagwa kufika pafupifupi 5.4 miliyoni. Ndege za pakati pa Moscow ndi Cairo zinayambiranso mu Epulo 2018, Britain inachotsa chiletso chake mu Okutobala 2019, ndipo ndege zochoka ku Russia kupita ku Sharm el-Sheikh ndi Hurghada zinabwerera mu Ogasiti 2021, patatha zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. M'zaka zimenezo mahotela ambiri anatsekedwa kapena kuchepetsa antchito. Ophika, operekera zakudya, oyendetsa matakisi ndi Mabedu omwe ankaperekeza alendo m'chipululu anabwerera kumudzi chimanjamanja. Ambiri mwa iwo ndi Asilamu omwe ankadyetsa makolo ndi ana ndi ntchito ya halaal.

Dziko la Syria nalo silinapepukidwe. Pulezidenti Putin atangolandira lipoti la FSB analamula kuti ndege zake zankhondo zionjezere mabomba. Omwe zigawenga zinkati zikuwabwezerera ndiwo anaonjezeredwa masautso.

Ndipo dzanja lomwe lazolowera magazi a mlendo silichedwa kutembenukira mwini mudzi. Mu Novembala 2016 gulu la Wilayat Sinai linadula mutu Sheikh Sulaiman Abu Haraz, nkhalamba yosaona ya zaka zoyandikira 100, yomwe inkalemekezedwa m'chigawo chonse cha Sinai. Pa 24 Novembala 2017, pa nthawi ya swala ya Jumu'ah, amuna okhala ndi mfuti anazinga mzikiti wa al-Rawda pafupi ndi tauni ya Bir al-Abd, n'kuyamba kuombera opemphera kudzera m'makomo ndi m'mawindo. Ofesi ya woimira boma pa milandu inalengeza kuti anthu 305 aphedwa, mwa iwo ana 27, ndipo oukirawo ananyamula mbendera ya ISIS. Palibe gulu lomwe linavomera poyera za chiwembuchi, koma chiphunzitso chomwe chinaloleza magazi a m'ndege ndi chomwecho chimaloleza magazi a pa mkeka wa swala. Munthu akadzipatsa mphamvu yonena kuti uyu pangano lake silikugwira ntchito, mawa adzanena kuti uyu Chisilamu chake sichikugwira ntchito.

Chaona mnzako chapita

Sinai ndi kutali ndi kwathu, koma chiphunzitso chimenechi chinafika kale kwa anansi athu. Kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pomwe tauni ya Mocímboa da Praia inaukiridwa, chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique chakhala pa moto, ndipo kuyambira 2019 ISIS yakhala ikunena kuti zigawenga za kumeneko ndi zake. Midzi yambiri yomwe yaotchedwa m'mphepete mwa nyanja ndi ya Asilamu. Nafenso timakwera ndege, kupita ku Hajj ndi Umrah, kukaphunzira ku Al-Azhar ndi ku Madinah, kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena kukagula katundu ku Dubai. Tikakhala pampando n'kumanga lamba, miyoyo yathu imakhala m'manja mwa anthu osawadziwa, monga mmene zinalili kwa anthu 224 aja. Tikafika m'maiko a eni, nafenso timakhala alendo oyembekezera kuti pangano lathu lisungidwa.

Choncho ntchito ilipo m'madrasa ndi m'misikiti mwathu. Ana athu amaphunzira bwino malamulo a wudhu, swala ndi swaum, koma ndi ochepa omwe anamvapo za amaan, za Umm Hani kapena za katundu yemwe Ali anabweza ku Makkah. Mnyamata amene sanamve zimenezi kwa Sheikh wake adzamva za jihad kwa mlaliki wobisa nkhope pa Telegram kapena WhatsApp, yemwe adzamuonetsa zithunzi za ana ophedwa, n'kumuwerengera theka la ndime. Mashehe athu asaope kukamba nkhanizi pa mimbari, ndipo makolo adziwe amene akuphunzitsa ana awo pa foni usiku. Wachinyamata wobwera ndi mafunso okhudza Syria kapena Palestine asathamangitsidwe. Akhazikidwe pansi, amvetseredwe, ndipo aonetsedwe njira zovomerezeka zothandizira oponderezedwa, monga dua, swadaqah yodzera m'mabungwe odziwika ndi kulankhula chilungamo poyera.

Kwa abale ndi alongo athu ogwira ntchito m'mabwalo a ndege, m'zipata za m'malire ndi m'madepoti a mabasi, chikwama chilichonse chodutsa m'manja mwanu ndi amaana yomwe mudzafunsidwa pa Tsiku la Qiyamah. Kukana phukusi losadziwika, ngakhale wakupatsaniyo ndi m'bale kapena bwana, ndi ibaadah. Mlendo amene walowa m'dziko mwathu mwamtendere, kaya ndi wa chipembedzo chanji, ali ndi ufulu pa ife woti abwerere kwa ana ake ali moyo. Tikupempha Allah (Subhanahu wa Ta'ala) kuti atiike m'gulu la osunga mapangano, atonthoze onse oferedwa ku St Petersburg, ku Bir al-Abd ndi ku Cabo Delgado, ndipo awafikitse kwawo mwamtendere onse amene ali pa ulendo. Ameen.